Mfumu timalonga, woyang'anira amachita kuikidwa

Wailesi za ku Malawi zimamveka bwino ku Zóbuè, m'chigawo cha Tete, mpaka kulowa mkati ku Nkondezi, ndipo pa nkhani za madzulo sipachedwa kutuluka mawu akuti mfumu ya mzinda. Mfumu ya mzinda wa Blantyre yayendera msika, mfumu ya mzinda wa Lilongwe yadzudzula otaya zinyalala. Mtolankhani amatanthauza meya, uja amavala unyolo pakhosi atasankhidwa ndi makhansala anzake. Gogo wa ku Nkondezi akamva mawu omwewo maganizo ake amapita kwina. Kwa iye mzinda si nyumba zosanja kapena magetsi a mumsewu. Mzinda ndi mudzi wokhala ndi bwalo ndi dambwe, mudzi umene mwini wake analandira chilolezo kwa mfumu yaikulu choti azivinitsa chinamwali ndi gule wamkulu. Mudzi ungathe kukhala ndi nyumba zankhaninkhani koma wopanda mzinda, ndipo anamwali ake amakavinidwa kwa eni mzinda. Liwu limene lero tikutchulira Blantyre linayamba ngati dzina la mphamvu yochita kupatsidwa.

Nanga mfumuyo, ndani amaikhazika pampando?

Liwu loti mfumu ndi lakalekale ndipo lili ndi abale kutali. Abemba amati imfumu, Atumbuka amati fumu, Akongo a kugombe la Atlantic amati mfumu monga ife tomwe. Apwitikizi atayamba kukwera mtsinje wa Zambezi m'zaka za m'ma 1500 analimva nalilemba m'makalata awo kuti fumo. Koma amene akufuna kulimvetsa ayang'ane mneni amene limayenda naye. Mfumu sitiilemba ntchito. Mfumu timailonga.

Kulonga ndi ntchito ya manja imene aliyense anakulira kumudzi amaidziwa. Timalonga chimanga m'nkhokwe, timalonga katundu mumtanga. Wolonga saponya. Amatenga chinthu nachikhazika pamalo ake pakati pa zinzake, kuti chisagwe ndipo chisaphwanye china. M'banja lomwelo la mawu muli kulongedza ndi kulongosola. Asena, amene ambiri anadza ku Moatize ndi njanji, akati kulonga amatanthauza kuyankhula, ndipo ngakhale ndi chinenero china, khutu la Mchewa silidabwa, chifukwa kulonga ufumu ndi ntchito ya mawu ambiri. Mfumu ikatisiya, amayi a mbumba amakhala pansi. Amaunika ana a alongo ake a malemuwo mmodzimmodzi: uyu ngwaukali, uyu ngoumira, uyu amamva za anthu. Amene wagwidwa amalowetsedwa m'tsimba, ndipo usiku wonse akuluakulu amamulanga, kumuuza za mkazi wamwini, za mlandu wa wamasiye, za mlendo wofika dzuwa litalowa. Kukacha amatuluka pabwalo atalowa dzina, ndipo mfumu yaikulu imamuveka pamaso pa anthu onse. Pa mwambo umenewu pali manja awiri, la mbumba imene yagwira ndi la wamkulu amene wavomereza. Limodzi likasowa, anthu amanong'onezana kuti ufumu uwu ngwakuba.

Dzina la Kalonga, mfumu ya mafumu a Amaravi, limamasuliridwa kuchokera pa mneni yemweyu: wolonga anzake. Pa dzina lonse la Kalonga Gawa Undi, Gawa ndi wogawa malo. Likulu la Undi linali ku Mano, kumpoto kwa Zambezi m'chigawo chomwechino cha Tete, mpaka mu 1935 pamene Undi anatopa ndi ulamuliro wa Apwitikizi nawolokera ku Northern Rhodesia. N'chifukwa chake lero mafumu a ku Tete amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, mwezi wa Ogasiti.

Pali mneni wina, wamfupi ndi wouma: kuika. Timaika mphika pamoto, timaika mlonda pakhomo, ndiponso timaika maliro. Woika safunsa choikidwacho kapena zimene zachizungulira, ndipo dzanja limene laika ndilo limachotsa. Moyo wa anthu oikidwa pampando ndi asilikali opambana nkhondo ndi wakale m'dziko lathu, koma ndiyambe ndi Germany, kumene masiku ake analembedwa bwino.

Ajeremani amatcha meya wawo Bürgermeister. Burg ndi linga, Bürger ndi munthu wokhala m'mudzi wa linga amene ali ndi ufulu wake m'menemo, ndipo Meister ndi mkulu, kuchokera ku Chilatini magister. Meya wathuyu nayenso ndi mdzukulu wa Chilatini, maior, kutanthauza wamkulupo. Bürgermeister ndiye kuti mkulu wa eni linga. Koma kumapeto kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse eni lingawo analibe mawu. Mzinda wa Aachen unagonja kwa asilikali a America pa 21 Okutobala 1944. Aamereka anafunsa bishopu wa mzindawo kuti awalozere munthu wosadetsedwa ndi chipani cha Nazi, ndipo pa 31 Okutobala analumbiritsa loya wina dzina lake Franz Oppenhoff. Dzina lake sanalilengeze poopa kuti abale ake angaphedwe. Ntchito yake inali ya madzi, buledi, malasha ndi kuchotsa zigumukire za nyumba. Pa 25 Malichi 1945, Lamulungu la kanjedza, gulu la asilikali a Anazi a SS limene linatsitsidwa ndi ndege usiku linamupeza pakhomo pake ndi kumuwombera. Kwa iwo anali wogulitsa dziko. Anthu a ku Aachen lero ali ndi msewu wa dzina lake.

Ku Köln nkhani inayenda mwina. Konrad Adenauer anali meya wa mzindawo kuyambira 1917 mpaka Anazi atamuchotsa mu Malichi 1933. Aamereka atalowa mu 1945 anapeza mzinda wa anthu oposa 750,000 mutatsala anthu pafupifupi 40,000 okha, ndipo pa 4 Meyi anamubwezera Adenauer pampando. Posakhalitsa dera limenelo linaperekedwa kwa Angerezi. Pa 6 Okutobala chaka chomwecho mkulu wa asilikali, John Barraclough, anamuitanitsa namuchotsa ntchito, akuti sakulongosola za mzinda nyengo yozizira isanafike. Mwa zina anakangana za mitengo yozungulira mzinda, imene Angerezi ankafuna igwetsedwe ikhale nkhuni koma Adenauer, amene anaidzalitsa yekha kale, anakana. Bambo wa zaka 69 anatuluka mu ofesi ataletsedwa ngakhale kuchita ndale. Kuchotsedwako kunamuyeretsa pamaso pa anthu ake, poti palibenso akanati ndi munthu wa Angerezi. Pa 15 Seputembala 1949 nyumba ya malamulo inamusankha kukhala mtsogoleri wa boma la West Germany, napambana ndi voti imodzi yokha, ndipo analamula mpaka 1963.

Chimene ndikufuna tisunge pa nkhani ya Germany ndi kufupika kwa nyengoyo. Pofika 1946 mavoti a makhonsolo anali atayamba, ndipo oikidwa aja anayenera kukaima pamaso pa anthu kuti avomerezedwe kapena akanidwe. Kwathu kuno nyengo ya kuika inatalika mpaka inalowa m'chinenero.

Tamverani liwu loti boma. Mwana wa sukulu amauzidwa kuti ndi zilembo zoyamba za mawu anayi a Chingerezi, koma zimenezo n'zopeka pambuyo. Boma ndi liwu la Chiswahili limene linalipo Angerezi asanabwere, ndipo limatanthauza mpanda wa mitengo kapena waminga wotchinga anthu ndi ziweto ku adani. Harry Johnston atayamba kulamula dziko la kutsidya kwa malire mu 1891, anamanga mipanda yotere, Fort Johnston, Fort Lister, Fort Anderson, nakhazikamo asilikali ochokera ku India ndi kugombe. Munthu wokakhoma msonkho kapena woitanidwa pa mlandu ankati ndikupita ku boma, kutanthauza kumpanda kuja. Pang'ono ndi pang'ono dzina la mpanda linakhala dzina la okhala mkatimo, kenako la ulamuliro wonse. Tsono taonani mnzake. Mswahili akafuna kunena boma amati serikali, liwu lochokera ku Chiperisiya sarkar. Liwu limenelo litafika kwa ife linasanduka msilikali. Mawu awiriwa anasinthana malo panjira: linga la Mswahili ndilo boma lathu, boma la Mswahili ndiye msilikali wathu. Makolo athu sanasokoneze kanthu. Anatchula chimene anaona, chifukwa ulamuliro watsopanowo unawafikira uli mpanda ndi munthu wa mfuti.

Kuno ku Tete mpandawo unali ndi dzina lathulathu, linga, limene m'mabuku a Apwitikizi limaoneka ngati aringa. Linga la Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi, linabweza magulu a nkhondo a Apwitikizi kangapo pakati pa 1867 ndi 1869 mu nthawi ya mwini wake Bonga, ndipo linagwa mu 1888. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891 linadula malire pamwamba pa mapiri, n'kusiya Zóbuè mbali ino ndi Mwanza mbali inayo, anthu a chinenero chimodzi ndi maliro amodzi. Ufumu wa Makanga unagonja mu 1902 pamodzi ndi mfumu yake yotsiriza, Chinsinga. Mu 1917 nkhondo ya ku Báruè inabuka chifukwa cha ntchito yokakamiza ya msewu ndi kugwira anthu opita ku nkhondo ya Azungu, ndipo moto wake unawoloka Zambezi. Nkhondo iliyonse ikatha, opambana ankakhala pansi kusankha woti akhale pakati pa iwo ndi anthu. Mfumu yogonjera ankaisiya, youkira ankaichotsa n'kuikapo m'bale wake wofatsa, ndipo pena ankangotenga sipayi, wapolisi wawo wokhulupirika, kapena womasulira. Sipayiyo naye dzina lake linayenda ulendo wautali, kuchokera ku Chiperisiya sipahi, kudzera ku India.

Munthu wapakatiyo anamutcha régulo. Liwu ili ndi lachipongwe kuyambira kumizu. Rex m'Chilatini ndi mfumu, regulus ndi kamfumu. Mchewa amadziwa bwino ntchito ya ka- ameneyu: kamwana, kamunda, kamfumu. Lamulo lokonzanso ulamuliro wa maiko a Apwitikizi la 1933 linaika régulo pansi pa chefe do posto, ndipo linamupatsa ntchito zake: kutolera msonkho, kupereka amuna a chibalo, kulambulitsa misewu, kunena za mlendo aliyense wolowa m'dera. Ngakhale liwu loti msonkho linapindidwa. Kusonkha ndi kuponya pamodzi, monga timasonkha nkhuni pamoto kapena ufa pamaliro. M'chigwa cha Zambezi Apwitikizi analitenga nalilemba mussoco, ndipo linabwerera kwa eni ake lili ngongole ya pamutu imene wolephera ankalipira ndi zikhatho zake pansi pa palmatória. Kutsidya kwa malire thangata anaona zomwezo, kuchoka pa kuthandizana kufika pa ukapolo wa m'minda ya Azungu.

Anthu sanasiye dzina lawo. Ankati nyakwawa, ndipo khutu limamvamo nya-, amene amasonyeza mwini kapena wa kumalo akutiakuti, ndi khwawa, kumene madzi amadutsa. Mwini khwawa, munthu wa dera lodziwika malire ake ndi mitsinje. Munthu mmodzi yemweyo m'mawa anali régulo pakhonde la posto, chipewa chili m'manja, madzulo anali nyakwawa pansi pa mtengo wa milandu. Chefe amene ankamuopayo ndi kapitawo amene ankayang'anira a chibalo, maina awo onse awiri amachokera ku liwu limodzi la Chilatini, caput, mutu. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma pa dongosolo ili nkhonya zambiri zinkagwera mutu waung'ono wapakatiwo.

Sindigwirizana ndi amene amaweruza anthu onsewa ndi liwu limodzi loti ogulitsa. Analipo amene analemera ndi gawo lawo la msonkho, amene ankatumiza ku chibalo adani awo n'kubisa abale awo, ndipo midzi imawakumbukira. Analiponso amene ankatuma mwana usiku kukachenjeza anyamata kuti asipayi afika mawa, amene ankamenyedwa pamaso pa anthu awo chifukwa chiwerengero sichinakwane, amene ananyamula mudzi wonse kuwoloka nawo malire. Gulu lomenyera ufulu la Frelimo litatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu Malichi 1968, mpando umenewu unasanduka wamoto. Masana Apwitikizi ankafuna maina a odyetsa ankhondo a m'tchire ndipo ankalamula nyakwawa kusamutsira anthu ake ku aldeamento, midzi ya mpanda wa waya, linga lija litabweranso. Usiku a m'tchire ankafuna ufa ndi anyamata onyamula katundu. Ena anafera m'manja mwa apolisi achinsinsi a Apwitikizi, ena anaphedwa ndi omenyera ufulu. Oppenhoff akanawamvetsa anthu amenewa popanda womasulira.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, boma la Samora Machel linathetsa ufumu wonse, wabwino ndi woipa pamodzi, poti unali chida cha atsamunda. M'malo mwake munalowa magulu otchedwa grupos dinamizadores ndi munthu watsopano, sekeretale. Muzu wa dzina lake ndi secretum, chinsinsi: wosunga zinsinsi za wamkulu. Ambiri anali anthu akhama amene anatsegulitsa sukulu ndi zipatala, koma mbumba sinawagwire, ndipo pa maliro, pa mvula ndi pa malire a minda anthu ankapitabe mwakachetechete kwa mwini dzina. Renamo, gulu limene linaukira bomalo, inaona mpata umenewo. M'madera amene inalanda inkabwezeretsa mafumu, n'kumawatcha mambo monga amanenera Anyungwe ndi Ashona, ndipo pamene mwini dzina wathawa inkaika wina amene wapezeka. Ntchito ya mamboyo inali kusonkhetsa chakudya cha ankhondo. Pofika pa pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ndipo pobwerera midzi ina inapeza anthu atatu akulozera mpando umodzi: wa dzina, wa chipani ndi wa nkhondo.

Lamulo la nambala 15 la chaka cha 2000 linayesa kumasula mfundo imeneyi. Linabweza mafumu pamodzi ndi masekeretale pansi pa dzina limodzi la atsogoleri a m'madera, ndipo kuyambira 2002 boma linayamba kuwaveka yunifolomu ndi kuwapatsa mbendera yokweza pakhomo. Chimene chimandikondweretsa m'lamuloli n'chakuti linagwiritsa ntchito mawu awiri osiyana. Legitimação ndi ntchito ya anthu eni ake, kunena kuti uyu ndiye wathu. Reconhecimento ndi ntchito ya boma, kuvomereza amene anthu aloza. Olemba lamulo ku Maputo, m'Chipwitikizi chawo, anafika pa manja awiri aja amene amayi a mbumba ankawadziwa kale. Vuto n'lakuti yunifolomu ndi kandalama ka pamwezi zimachokera ku dzanja limodzi lokha. Ku Malawi kandalamako amakatcha mswahara, kuchokera ku Chiswahili mshahara, malipiro a pamwezi, ndipo wolandira malipiro amadziwa amene angawaimitse.

Nkondezi inalipira mtengo wa nkhani imeneyi m'zaka za 2015 ndi 2016. Chisankho cha Okutobala 2014 chitatha, mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anakana zotsatira nanena kuti Renamo iyenera kulamula zigawo zisanu ndi chimodzi kumene inati inapambana, Tete ali momwemo. Mkangano wonsewo unali pa funso lathu lija, loti bwanamkubwa wa chigawo aziikidwa ndi pulezidenti kapena azichokera kwa anthu. Pakati pa 2015 mfuti zinayamba kulira m'midzi ya Ndande, Monjo ndi madera ena a Nkondezi. Anthu anawoloka malire wapansi kupita ku Kapise m'boma la Mwanza, ndipo pofika miyezi yoyamba ya 2016 bungwe la UNHCR linawerenga oposa 10,000. Othawawo ankafotokoza kuti asilikali a boma anawotcha nyumba ndi nkhokwe powaganizira kuti akudyetsa a Renamo, zimene boma linakana. Bungwe la Human Rights Watch linalembanso za atsogoleri a m'midzi ndi a chipani cholamula amene anagwidwa kapena kuphedwa ndi ankhondo a Renamo m'zigawo zapakati powaganizira kuti akupereka maina ku boma. Mbendera ya pakhomo, imene inaperekedwa ngati ulemu, inasanduka chizindikiro cholozera nyumba. Mu Epulo 2016 othawa anayamba kusamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno, msasa womwe unasungapo makolo awo pa nkhondo yoyamba ija n'kutsekedwa mu 2007.

Mfuti zinaleka kumapeto kwa Disembala 2016. Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018, malamulo aakulu a dziko anasinthidwa chaka chomwecho, ndipo pa 6 Ogasiti 2019 pulezidenti Filipe Nyusi ndi mtsogoleri watsopano wa Renamo Ossufo Momade anasaina mtendere ku Maputo. Mu Okutobala 2019 anthu a ku Tete anavotera bwanamkubwa wawo koyamba. Koma kusintha komweko kunabweretsa mpando wina pambali pake, wa Secretário de Estado, woikidwa ndi pulezidenti, ndipo zambiri zolemera za chigawo zinagwera m'manja mwa ameneyo. Tawuni ya Moatize inayamba kusankha meya wake mu 1998, m'gulu la makhonsolo 33 oyamba, pa chisankho chimene Renamo inanyanyala ndipo ovota sanakwane 15 pa 100 alionse. Malire a khonsoloyo safika ku Nkondezi. Malamulo a 2018 analonjeza kuti mu 2024 anthu a m'maboma ang'onoang'ono adzasankha okha owayang'anira, koma mu 2023 nyumba ya malamulo inachotsa chaka chimenecho. Woyang'anira boma la Moatize, chefe wa ku Zóbuè ndi chefe wa ku Nkondezi onse atatu amafikabe pa ntchito ndi kalata yowaika.